Tapeza khadi la Chipwitikizi ndi khasu lakutha m'thiranki ya agogo. Tiwotche kapena tisunge?

Funso lochokera kwa mayi wina wa ku Dedza:

"Agogo anga aakazi, obereka mayi anga, anatisiya mwezi wathawu. Pogawa katundu tinatsegula thiranki imene iwo sankalola munthu kuigwira. Pansi pa nsalu tinapeza kakhadi ka m'Chipwitikizi kokhala ndi chithunzi cha malemu agogo aamuna, chidindo cholembedwa Furancungo, chaka cha 1972 ndi mawu akuti aldeamento. Munalinso ndalama zachitsulo, kolona woduka, khadi lina lobowolabowola, ndi khasu lotheratu lopanda mpini, lokulungidwa bwinobwino m'chitenje. Ife takula tikudziwa kuti kwathu ndi konkuno. Amayi aakulu, amene anabadwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, atangoona khasulo analira n'kunena kuti 'zimenezo n'za m'waya', basi osapitirizanso. Amalume akuti tiwotche zonse chifukwa n'zatsoka, komanso zingatiputire mavuto pa nkhani ya unzika. Msuweni wanga akuti tisunge chifukwa wamva kuti Apwitikizi akulipira anthu. Kodi zinthuzi n'chiyani, ndipo tichite nazo chiyani?"

Yankho:

Mayi, pepani ndi malirowa. Mtima ukhale pansi, chifukwa zimene mwapezazi si zatsoka ndipo si zachilendo. Pa ntchito yanga yosamala zolembedwa zakale ndi kujambula mawu a akuluakulu ndaona mathiranki ambiri otere, makamaka m'mabanja a m'malire kuyambira Mchinji, Dedza, Ntcheu mpaka Mwanza. Pempho langa loyamba n'lakuti musawotche kanthu, musachape kanthu, musapite ndi khadilo kokalimata m'pulasitiki. Bwezerani zonse mmene zinalili, kenako tikambirane modekha.

Khadi la 1972 lija likutitengera ku nkhondo yomenyera ufulu wa Mozambique. Frelimo inayamba kumenyana ndi Apwitikizi pa 25 September 1964, kumpoto ku Cabo Delgado, ndipo mu 1968 nkhondoyo inakolera m'chigawo cha Tete, asilikali a Frelimo akulowera ku Zambia. Chaka chotsatira ntchito yomanga damu la Cahora Bassa inayamba, choncho Apwitikizi sanafune m'pang'ono pomwe kuti Tete awapulumuke. Ankadziwa kuti ankhondo a m'tchire amadya nsima ya m'midzi, amamva nkhani m'midzi, ndipo anyamata owatsatira amachokera m'midzi momwemo. Ndiye anaganiza zochotsa midziyo. Anthu ankasamutsidwa mokakamiza, nthawi zina nyumba ndi nkhokwe n'kutenthedwa, n'kukaunjikidwa pamalo amodzi pafupi ndi msewu kapena kampu ya asilikali. Malo amenewa ndiwo ankatchedwa aldeamento. Pofika 1974 anthu pafupifupi miliyoni imodzi m'Mozambique monse ankakhala m'malo otere, ndipo Tete anali m'gulu la zigawo zimene zinakhudzidwa kwambiri. Furancungo ndi likulu la boma la Macanga, dera la anthu olankhula Chichewa ngati ife tomwe.

Pa mapepala a boma ankati ndi midzi yachitetezo ndi chitukuko, mokhala sukulu, chipatala ndi mjigo. Akuluakulu amene ndakhala nawo pansi salankhula choncho. Ambiri amati munali ngati m'khola: nyumba zothithikana m'mizere, malo ambiri atazingidwa ndi waya waminga, pachipata pali mlonda wamfuti, kutuluka m'mawa ndi chilolezo, kubwerera dzuwa lisanalowe. Minda yabwino ya makolo inatsala kutali, ndipo munthu wopezeka kunja pa nthawi yolakwika ankayesedwa wa Frelimo. Wogwidwa atanyamula ufa wochulukirapo ankafunsidwa kuti akukapatsa ndani, ndipo mafunso ake ankayendera limodzi ndi mbalamatodya, kathabwa komenyera m'manja. Njala ndi matenda otsegula m'mimba zinatenga ana ambiri. Mukamva amayi aakulu akuti "za m'waya", dziwani kuti akunena zimene anaziona ndi maso ali kamtsikana ka zaka khumi kapena kucheperapo.

Komabe musafulumire kuganiza kuti zonse za m'thirankimo n'za nthawi imodzi. Apa mpamene mabanja ambiri amasokonezeka, chifukwa anthu a ku Tete anasamutsidwa kangapo. Nkhondo ya Apwitikizi inatha mu 1974 boma la ku Lisbon litagwetsedwa pa 25 April, ndipo ufulu unabwera pa 25 June 1975. Pambuyo pake boma la Frelimo linayambitsa midzi yake ya pamodzi, aldeias comunais, ndipo ina inamangidwa pamalo omwe aja panali ma aldeamento. Kenako nkhondo ya Renamo inathamangitsa anthu, makamaka kuyambira 1986, mpaka othawira ku Malawi anapitirira miliyoni imodzi mgwirizano wamtendere usanasainidwe ku Rome pa 4 October 1992. Kumunsi ku Nsanje kunali makampu akuluakulu monga Mankhokwe ndi Nyamithuthu, koma kwanu ku Dedza ndi ku Ntcheu ambiri ankangokhala m'midzi pakati pa abale awo. Khadi lobowolabowola lija ndikuliganizira kuti ndi lolandirira chakudya cha othawa nkhondo, lija ankabowola munthu akalandira ufa, nyemba ndi mafuta. Ngati ndi choncho, banja lanu lili ndi nkhani ziwiri, ya m'waya ndi ya kuthawa, ndipo pakati pake pali zaka zoposa khumi.

Ndalama zachitsulozo zikuthandizani. Ziyang'aneni padzuwa. Zolembedwa República Portuguesa mbali ina, Moçambique mbali inayo, ndi ma escudo kapena ma centavo a nthawi ya atsamunda, ndipo chaka chimaoneka. Metical inayamba mu 1980, choncho mukapeza ya metical ndiye kuti agogo anali adakali kutsidya kapena ankapitapitako ufulu utabwera kale. Pa khadi la agogo aamuna fufuzani mawu awa: filho de, pamene pamalembedwa makolo awo, natural de, kumene anabadwira, regedoria kapena régulo, mfumu ya dera lawo. Dzina la mfumu ndilo limatsegula njira kuposa china chilichonse, chifukwa midzi inasamuka koma maufumu ambiri alipobe. Musadabwe kupeza mayina atalembedwa mwachilendo. Alembi a Chipwitikizi ankalemba nh pamene ife timalemba ny, c kapena qu pamene ife timalemba k, ndipo Phiri amatha kukhala Piri. Malo enanso anasintha mayina, monga Vila Coutinho amene lero ndi Ulónguè.

Tsono khasu lija. Kwa ine ndilo chinthu chachikulu m'thiranki monsemo, ngakhale pamsika palibe angaligule. Khadi munthu amasunga chifukwa choopa boma. Koma khasu lotheratu, loti silingalimenso, mayi wachikulire n'kulikulunga m'chitenje zaka makumi asanu, pamenepo pali chifukwa chake. Mwina ndi chokhacho chimene ananyamula tsiku losamutsidwa. Mwina linali la amayi awo amene anatsala kumeneko. Ndinakumanapo ndi banja lina limene chitsulo chotere ndicho anakumbira manda a mwana wawo kunja kwa mpanda, mofulumira, mlonda akuwadikira. Sindikuti zanu zili choncho ayi, ndipo chonde musawaikire amayi aakulu nkhani imeneyi m'kamwa. Ndikungofuna muone kuti tanthauzo la khasulo silinalembedwe paliponse. Lili mwa munthu mmodzi yekha, ndipo munthuyo analira ataliona. Mapepala akhoza kudikira chaka china osawonongeka. Amayi aakulu ndiwo ofunika kuwasamala tsopano.

Kuwasamala kwake si kuwapanikiza ndi mafunso. Maliro akadali aawisi, dikirani kaye mwezi kapena iwiri. Musawaitanire pabwalo abale onse atazungulira, foni zili m'mwamba. Pitani nokha kapena ndi munthu mmodzi amene amamasuka naye, pa nthawi imene manja awo ali pa ntchito, akusenda nyemba kapena akutongola chimanga, chifukwa nkhani zolemera zimatuluka bwino anthu asakuyang'anana m'maso. Musayambe ndi funso lakuti "kunachitika chiyani?" Yambani ndi zing'onozing'ono: madzi munkatunga kuti, ndiwo zinali chiyani, munkagona angati m'nyumba, anzanu osewera nawo anali ndani, kutchalitchi munkapita bwanji. Kolona uja akhoza kutsegula nkhani mosavuta kuposa khasu. Akakhala chete, inunso khalani chete, musathamangire kudzaza mpatawo ndi mawu anu. Akati "basi", ndi basi, mudzabwerenso tsiku lina. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kujambula mawu n'kofunika, koma pemphani kaye, ndipo muwauze amene adzamve. Akakana, lembani m'kope mukangofika kunyumba, m'mawu awo omwewo, osawakonza kuti amveke bwino. Akanena chaka chosiyana ndi cha pa khadi musawatsutse. Mwana sasunga zaka, amasunga zoti kunali dzombe, mvula inachedwa, kapena mng'ono wake anali kumsana. Lembani zonse ziwiri, za pa pepala ndi za pakamwa, chilichonse pachokha.

Konzekeraninso kumva zimene simukuziyembekezera. M'ma aldeamento Apwitikizi ankasankha amuna ena a momwemo n'kuwapatsa mfuti kuti akhale alonda, ena anali asipayi, apolisi achikuda a boma la atsamunda, ena ankakakamizidwa kulondolera asilikali njira. Panalinso amene masana ankalondera pachipata, usiku n'kumapititsa ufa kutchire. Zikapezeka kuti agogo aamuna anali mbali imene simukuikonda, musafulumire kuweruza munthu amene ankasankha mfuti ili pamutu pake ndi pa ana ake. Akazi nawo anakumana ndi zina zimene mpaka lero sazitchula. Nthawi zambiri chete wa m'banja amachokera pamenepa, ndipo n'kutheka kuti amalume akudziwa kanthu kamene akufuna kukutetezani nako.

N'chifukwa chake sindikufuna muwaone amalume ngati mdani wa nkhaniyi. Iwo ndi mwini mbumba, ndipo mawu awo pa katundu wa malemu ali ndi malo ake. Mantha awo ali ndi pochokera: anthu ochokera kutsidya ananyozedwapo kuti ndi obwera, ndipo mabanja ambiri anaphunzira kubisa kumene anachokera kuti ana apeze sukulu ndi munda mwamtendere. Apiteni mwaulemu, muwapemphe chinthu chimodzi chokha, kuti chigamulo chidikire mpaka mwambo wa chaka kapena nthawi yomanga chiliza. Muwakumbutse kuti malemuwo akanafuna kuti zinthuzi zipse, anali ndi moto tsiku lililonse kwa zaka makumi asanu, koma anazisunga. Ngati nkhawa ndi ya mizimu, banja likhoza kuitana abusa, ansembe kapena akuluakulu a mwambo, monga mwa chikhulupiriro chanu, zinthuzo zisanapite kwa wozisunga. Pa za unzika, kuwotcha pepala sikusintha chilichonse pamaso pa malamulo. Malire amenewa anadulidwa ndi Angerezi ndi Apwitikizi mu 1891, kudutsa pakati pa Achewa ndi Angoni a mtundu umodzi, ndipo inu a ku Dedza mukudziwa kuti pa msewu wopita ku Ntcheu pali malo pamene kungowoloka tala ndiye kuti mwalowa Mozambique. Ngati pali wina m'banja amene ali ndi vuto lenileni la chitupa, apite kwa loya kapena ku Legal Aid Bureau akamve malangizo oyenera, osati kudalira zomva m'maluwa.

Za msuweni wanu ndiyankha mosapita m'mbali: musayembekezere ndalama, ndipo musapereke ndalama. Zimene wamvazo mwina zikuchokera ku nkhani zenizeni za kwina. Mu 1988 boma la America linapepesa ndi kuvomera kupereka madola 20,000 kwa aliyense wotsala mwa anthu a mtundu wa Chijapani amene linawatsekera m'makampu pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Mu 2013 boma la Britain linavomera kulipira anthu oposa 5,000 a ku Kenya amene anazunzidwa nthawi ya Mau Mau. Kumbali ya Portugal, mu September 2022 nduna yaikulu António Costa anapepesa ali ku Maputo chifukwa cha kuphedwa kwa anthu mazanamazana ndi asilikali a Chipwitikizi ku Wiriyamu, kum'mwera kwa tawuni ya Tete, pa 16 December 1972, nkhani imene wansembe Adrian Hastings anaiulula m'nyuzipepala ya The Times mu July 1973. Kumeneko kunali kupepesa, sikunali kulengeza chipukutamisozi. Munthu akabwera kuti mulipire ya fomu kapena mumupatse khadi lenilenilo kuti akakulembetseni, ameneyo ndi wakuba, ndipo khadilo simudzalionanso.

Tibwere ku kasungidwe. Adani a pepala kuno kwathu ndi chinyontho, chiswe, makoswe, dzuwa ndi manja a anthu ofuna kukonza. Kumata khadi m'pulasitiki wa moto kuja kumaoneka ngati chitetezo, koma kutentha ndi guluu wake zimalowerera m'pepala ndipo sizichotsekanso. Selotepi nayo imasanduka yachikasu n'kusiya banga losatha. Pong'ambika pasiyeni pong'ambika. Ngati pali pini kapena waya wadzimbiri amene akuchoka mosavuta, mchotseni pang'onopang'ono, koma chithunzi chomatidwa pa khadi musachikanganule. Ikani pepala lililonse pakati pa mapepala oyera osalembedwa, mosapinda, m'envulopu yakeyake. Nyuzipepala ayi, jumbo ayi, chifukwa jumbo imasunga thukuta nyengo ya mvula n'kubala nkhungu. Zolemba zanu zikhale pa envulopu, ndi pensulo, osati bolopeni pa khadi penipenipo. Thiranki ikhale pamwamba pa tebulo kapena shelefu, yosagunda khoma, yosayandikira malata, ndipo muziitsegula mvula ikamayamba ndi ikamatha kuti muone ngati mwalowa tizilombo. Mukapeza nkhungu, yanikani pamthunzi podutsa mphepo, kenako sasani ndi kaburashi kofewa muli panja, mutatseka pamphuno.

Khasu ndi ndalama musazikweche ndi mchenga kapena sitiliwulu kuti ziwale. Pukutani ndi kansalu kouma basi. Khasulo lisagonenso limodzi ndi mapepala, popeza dzimbiri limadya pepala ndi nsalu. Chitenje chimene linakulungidwamo musachichape ndi sopo, chifukwa nacho ndi mbali ya nkhaniyi. Chisungeni pachokha, khasulo mulikulunge m'nsalu ina yoyera, koma musanazilekanitse zijambuleni zili limodzi mmene agogo anazisiyira.

Kujambulako kuchitike sabata ino. Yalani chinthu chilichonse pa nsalu yoyera pakhonde m'mawa, pamthunzi, osayatsa kuwala kwa foni, ndipo jambulani kutsogolo ndi kumbuyo komwe. Chidindo ndi siginecha muzijambule pafupi. Potumizira abale pa WhatsApp tumizani ngati fayilo, chifukwa mukatumiza ngati chithunzi wamba zilembo zing'onozing'ono zimafufutika. Zithunzizo zikhale kwa anthu atatu osiyana, wina akhale wa kutali. Izi zimachepetsanso mkangano wa amene asunge zenizenizo, poti aliyense amakhala ndi kope lake. Pa Facebook musaike kaye mpaka amayi aakulu ndi amalume avomere, makamaka ngati pa khadipo pali mayina a anthu ena.

Mukafuna kufufuza mopitirira, yambani pafupi. Pezani munthu wodziwa bwino Chipwitikizi, ndipo m'malire muno sasowa, akuwerengereni liwu ndi liwu kuchokera pa chithunzi. Popeza agogo anali ndi kolona, mabuku a ubatizo ndi a ukwati a ku parishi, kuno ndi kutsidya, akhoza kukupatsani mayina a makolo ndi mudzi. A National Archives of Malawi ku Zomba ndi a ku nyumba yosungira zakale ya ku Chichiri akhoza kukulangizani ngati pepala layamba kunyenyeka. Zolembedwa za boma la atsamunda zili ku Arquivo Histórico de Moçambique ku Maputo, ndipo mafayilo a apolisi achinsinsi a PIDE ali ku Torre do Tombo ku Lisbon, koma musaike mtima kwambiri pa kupeza dzina la agogo kumeneko, chifukwa mapepala ambiri a m'maboma akumidzi anawonongeka m'nkhondo ziwirizi. Wophunzira amene angafune kumvetsa bwino za ma aldeamento a ku Tete afufuze kafukufuku wa João Paulo Borges Coelho, katswiri wa mbiri wa ku Mozambique amene anazama pa nkhani imeneyi. Ngati zingatuluke kuti pali m'bale amene anasowa pothawa ndipo sanamvekenso, a Red Cross ali ndi ntchito yolumikizanitsa mabanja, ndipo mungayambire ku ofesi yawo ya m'boma lanu.

Pali zinthu ziwiri zimene simuyenera kulimbana nazo nokha. Choyamba ndi thanzi la amayi aakulu. Kulira pokamba zakale si vuto. Koma mukaona kuti chitsegulireni thirankiyo sakugona, akulota zoopsa usiku ndi usiku, akudzidzimuka ndi kaphokoso kalikonse, asiya kudya, akudzipatula, kapena akulankhula zofuna kutsatira amayi awo, siyani mafunso onse ndipo apititseni kuchipatala cha boma mukafunse wa zamaganizo. A St John of God ku Lilongwe ndi ku Mzuzu amathandizanso pa mavuto otere. Mawu ofuna kudzipha musawadikirire kuti kuche.

Chachiwiri, m'katundu wa anthu amene anadutsa m'nkhondo nthawi zina mumapezeka chipolopolo chosaphulika kapena kachitsulo kosadziwika bwino kamene wina anatola ngati chikumbutso. Mukapeza chotere, pansi pa thiranki kapena pena paliponse pakhomo, musachigogode, musachiponye pamoto kapena m'chimbudzi, ana atalikire, ndipo itanani apolisi. Chimodzimodzi tsiku limene mudzapite ku Macanga kukaona pamene panali mudzi wa makolo. Mozambique inalengeza mu 2015 kuti yachotsa mabomba okwirira onse amene ankadziwika, komabe kafikeni kaye kwa mfumu ya deralo, mutenge munthu wa komweko wokutsogolerani, ndipo musakakumbe pabwinja. Amayi aakulu muwafunse ngati akufuna kupita nawo, ndipo akakana musawaumirize.